Mabogi ofiira a Mk1, ndiwagulire mutu uti wowakoka?

Chikondi OO:
Moni nonse mgulu muno, ndikufuna nzeru zanu ndisanatulutse ndalama. Ndapeza mabogi a anthu a masitima a zidole a sikelo ya OO, a British Railways aja amati Mk1, alipo asanu, atatu ndi ofiira moderako ndipo awiri ndi aja ofiira pansi kirimu mmwamba, onse ali mmabokosi awo ndipo sakuoneka kuti anayendapo kwambiri. Ndiye nkhani yatsala pa mutu wowakoka. Ine mtima wanga uli pa Mallard ya buluu ija yolembedwa LNER, nambala 4468, ndakhala ndikuyisirira kuyambira kalekale. Kodi zigwirizana kapena ayi? Makona anga ndi a radius 2.

Yona:
Mwatola zinthu zabwino achimwene. Kukoka kokha ikoka bwinobwino, zonse ndi OO, njanji ndi yomweyo ya 16.5mm, ndipo radius 2 ndi 438mm, mitu ya mtundu wa A4 ngati Mallard imadutsapo popanda vuto. Za zaka ndi utoto tidikire a madala afike.

Madala a Njanji:
A Chikondi mwachita bwino kufunsa musanagule. Ine chomwe ndimauza aliyense nchakuti musayambire pa utoto, yambani mwasankha chaka chomwe sitima yanuyo ikuyenda komanso dera lake, zinazo zimabwera zokha. Tiyeni tiwerenge zaka. Mallard ya buluu ya 4468, yokhala ndi zitsulo zophimba magudumu m'mbali, ndi ya 1938, chaka chomwe inathamanga mamailosi 126 pa ola pa 3 Julaye. Zophimba zija anazichotsa nthawi ya nkhondo kuti amakaniko azifika msanga pa zitsulo za m'munsi. Kampani ya LNER inatha pomwe boma linatenga njanji n'kupanga British Railways pa 1 Januwale 1948. Mabogi a Mk1 anayamba kutuluka mu 1951 atapakidwa zofiira ndi kirimu, monga awiri muli nawowo, ndipo kufiira moderako kunabwera mu 1956. Ndiye pamene mabogi anu atatu aja amapakidwa utoto umenewo, Mallard inali itasintha kale nambala kukhala 60022, inali yobiriwira, zophimba magudumu kulibe. Inagwira ntchito ili choncho mpaka 1963. Nkhani yabwino ndi yakuti mutu womwewo mumaukondawo unakokadi ma Mk1, kungoti mugule wobiriwira wa 60022 osati wa buluu. Ndipo kusakaniza kwanu kwa ofiira atatu ndi akirimu awiri n'koyenera kwambiri pa zaka za 1957 mpaka cha m'ma 1960, chifukwa kupaka mabogi onse utoto watsopano kunatenga zaka, sitima zambiri zimayenda zosakanikirana chomwecho.

Chikondi OO:
Aaa madala mwandiphunzitsa, ine ndimaona ngati Mallard inali ya buluu moyo wake wonse. Koma kunena zoona buluu uja ndi amene anandikopa, wobiriwirayo sandigwira mtima chimodzimodzi. Nanga ya buluuyo imayenera mabogi otani?

Madala a Njanji:
Imayenera a Gresley aja a matabwa a teak opaka vanishi, ooneka bulawuni wowala ndi denga loyera. Amenewo ndi anzake enieni, wopanga wake ndi mmodzi, Nigel Gresley. Mukaika buluu uja kutsogolo kwa teak mudzaona nokha kuti utotowo anauganizira limodzi.

Thoko:
Ine ndilankhulepo pang'ono madala musandikwiyire. Njanji ndi ya a Chikondi, ndalama ndi zawo, ngati mtima uli pa buluu agule buluu basi, timapanga izi kuti tisangalale ndipo ndaonapo anthu atsopano akusiyiratu chifukwa chilichonse chomwe agula wina akuwauza kuti nzolakwika. Komanso ngakhale tikatsata mbiri yomweyo, si zoona kuti A4 ya buluu wa LNER sinakokepo Mk1. A4 ina yotchedwa Sir Nigel Gresley, 4498, itagulidwa ndi anthu oyisunga inapakidwanso buluu wa LNER nkumakoka sitima za alendo kuyambira 1967, ndipo mabogi omwe amapezeka pa maulendo otere nthawi zambiri ndi ma Mk1 omwewa. Mallard yeniyeniyo anayidzutsanso cha mma 1986 mpaka 1988 ili ya buluu nambala 4468. Lero lomwe njanji zosunga zakale ku Britain zadzaza ma Mk1 opakidwanso ofiira, ena ofiira ndi kirimu. Ndiye a Chikondi atha kungonena kuti sitima yanga ndi ya alendo ya masiku ano, nkhani yatha.

Madala a Njanji:
Sindingakwiye a Thoko, mwanena zoona ndipo mwandithandiza. Koma taonani kuti nanunso mwachita zomwe ndimanena zija, mwasankha nthawi. Mwati sitimayi ndi ya alendo, ya zaka za kusunga zakale, ndipo mukatero zonse zalongosoka. Chomwe chimandipweteka ine si munthu kuyendetsa zomwe akufuna ayi, koma munthu kugula mutu wodula osadziwa, kenako n'kudzamva patapita chaka n'kuyamba kuuda. Akadziwa n'kusankha dala, ineyo ndiwomba m'manja. Kungoti akasankha njira yanuyo asadzaike ngolo za malasha za 1938 pambali ndi kumati zonse ndi tsiku limodzi.

Yona:
A Chikondi tayang'anani kaye nambala zili mmbali mwa mabogiwo, kutsogolo kwa nambala kumakhala chilembo. Mutiuze ndi chiti. Komanso pa asanuwo lilipo la gadi? Limadziwika ndi mbali imodzi yokhala ndi zitseko ziwiri zoyandikana za katundu ndi mawindo ochepa.

Mphatso HO:
Pamene a Chikondi akuyang'ana ndilowetseko langa poti likufanana. Ine ndili ndi mabogi a sikelo ya HO asiliva a sitima ya ku America ya California Zephyr, ena okhala ndi chipinda chagalasi pamwamba chija, ndipo mutu womwe ndili nawo ndi dizilo ya F7 ya kampani ya Santa Fe yofiira kutsogolo siliva kumbuyo. Mmaso mwanga zimakhala bwino zedi poti siliva ndi siliva, koma mnzanga wina anandiuza kuti sizinayendepo limodzi, ndiye zoona zake nziti?

Madala a Njanji:
Mnzanuyo sananame a Mphatso. California Zephyr yoyamba ija, ya 1949 mpaka 1970, inali ya makampani atatu ogwirizana ndipo Santa Fe panalibepo, iwo anali opikisana nawo, sitima yawo yotchuka inali Super Chief ya Chicago kupita Los Angeles. Zephyr imachoka Chicago ndi mitu ya Burlington mpaka Denver, pamenepo Rio Grande imalandira n'kudutsa nayo m'mapiri mpaka Salt Lake City, kenako Western Pacific n'kumalizitsa mpaka Oakland. Mabogi amapitirira ulendo wonse, mitu ndi yomwe imasinthana. Ndiye inu muli ndi mwayi woposa a Chikondi, mabogi omwewo muli ndi mitu ya mitundu itatu yoti musankhe ndipo yonse ndi yolondola. Ine ndimakonda ya Western Pacific yasiliva ndi olenji. F7 yanuyo musayitaye, muyipezere mabogi olembedwa Santa Fe, nawonso ndi asiliva, ndipo muyigulire B unit yake, mutu wachiwiri uja wopanda chipinda cha dalaivala, chifukwa pa ma F7 a anthu a Santa Fe boila yotenthetsera mabogi imakhala mu B unit, mutu wakutsogolo wokha sukanatha kufunditsa anthu.

Mphatso HO:
Boila mu dizilo? Imeneyo ndiye sindimayidziwa, ndimaganiza kuti nthunzi inathera pa mitu ya malasha.

Madala a Njanji:
Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kugwirizanitsa mutu ndi mabogi, ndipo anthu ambiri sapayang'ana. Mutu wa sitima ya anthu ntchito yake si kukoka kokha, umayeneranso kutenthetsa mabogi ndi kugwira mabuleki awo. Mabogi akale amafunda ndi nthunzi yodutsa mu paipi kuchokera ku mutu, ndiye dizilo itabwera mabogi anali omwewo, anachita kuika kaboila kakang'ono m'kati mwa dizilo. Ndi chifukwa chake kampani ya EMD yopanga mitu inapanga FP7, yomwe ndi F7 yotalikitsidwa ndi mafiti 4 kuti boila ndi madzi ake zikwane. Amtrak, kampani ya sitima za anthu ya ku America, itayamba pa 1 Meyi 1971 inatengera mabogi a nthunzi omwewa kuchokera ku makampani osiyanasiyana, koma mabogi atsopano a Amfleet atabwera mu 1975 amafuna magetsi ochokera ku mutu, ndipo mutu wa F40PH wa 1976 unapangidwa kuti uzipereka magetsi amenewo. Ku Britain n'chimodzimodzi. Ma Mk1 oyambirira anali a nthunzi ndi mabuleki a vacuum, ma Mk2 okhala ndi zoziziritsira mpweya a 1971 kupita m'tsogolo amafuna magetsi ndi mabuleki a mpweya, ndiye mutu wa malasha wa 1950 sungawayenere ngakhale utoto utafanana bwanji. Mukadziwa zimenezi simuvutikanso kuloweza kuti uwu umayenda ndi awa, mumangodzifunsa kuti kodi mutu uwu ukanatha kufunditsa anthu ali m'mabogi awa?

Yona:
Ndiwonjezereko chokoma pamenepo. Dizilo ya ku Britain ya Class 20 inalibe chotenthetsera chilichonse poti inali ya katundu, koma nyengo yotentha amayimanga iwiriiwiri nkumakoka sitima za anthu opita kunyanja ku Skegness chifukwa nthawi imeneyo palibe amafuna kufunda. Ndiye ukakhala ndi ma 20 awiri ndi ma Mk1 a buluu ndi otuwa uli ndi sitima yeniyeni, bola unene kuti ndi Loweruka la chilimwe.

Thoko:
Ndipo a Mphatso ngati mukufuna kusakaniza popanda wokufunsani, sankhani 1971 kapena 1972, miyezi yoyamba ya Amtrak mabogi a makampani osiyana amayenda mu sitima imodzi asanawapake utoto watsopano, zinali zamitundumitundu. Ine nthawi imeneyo ndimayikonda chifukwa imalola munthu wa mabogi otolatola kukhala ndi sitima yoona.

Chikondi OO:
Ndabwerako. Onse asanu chilembo chake ndi M, ndipo la gadi palibe a Yona, onse mawindo ndi ofanana kuyambira uku mpaka uko, limodzi lokha lili ndi nambala 1 pa zitseko zina. M ameneyu akutanthauza chani, ndiye kuti zasokonekeranso?

Yona:
Sizinasokonekere koma zasintha pang'ono. Zilembo zija zimanena chigawo chomwe bogi limakhala, E ndi Eastern, M ndi London Midland, W ndi Western, S ndi Southern, Sc ndi Scotland. A4 kwawo kunali Eastern, njira ya King's Cross kupita Edinburgh, ndiye anzake enieni ndi a E. Anuwo ndi a Midland, kwawo kwa mitu yopangidwa ndi William Stanier. La nambala 1 pa zitseko zinalo ndi losakaniza kalasi yoyamba ndi yachiwiri, amalitcha CK, ndi labwino kukhala nalo pakati.

Madala a Njanji:
Pamenepa ine ndinena mosabisa, mabogi a M asanu akuitana mutu wa malasha wa Black Five. Stanier anayamba kuyipanga mu 1934, yonse inakwana 842, ndipo imakoka chilichonse, sitima zothamanga, zoima paliponse, ngakhale katundu. Yakuda yokhala ndi mizere yofiira ndi chizindikiro cha British Railways chachiwiri chija, kumbuyo kwake ofiira atatu akirimu awiri, imeneyo ndi sitima yomwe munthu akanayiona tsiku lililonse cha m'ma 1958. Palinso nkhani ya kutalika. A4 ndi mutu wa sitima zazitali zolemera, ukaupatsa mabogi asanu umaoneka ngati wachepetsedwa ntchito, pamene Black Five pa asanu kapena asanu ndi limodzi imakhala pamlingo wake. Ndipo mitu imeneyi inakhalapo mpaka tsiku lomaliza, pa sitima yotsanzikira malasha ya pa 11 Ogasiti 1968 ma Black Five analipo. Ngakhale lero sitima ya alendo ya Jacobite, ya Fort William kupita Mallaig, imadziwika ndi Black Five ndi mabogi ofiira. Ndiye mutu umodzi womwewo ukukupatsani nthawi ya kale ndi ya lero yomwe.

Thoko:
Koma madala mabogi amayendayenda, sitima zodutsa zigawo zinalipo zambiri ndipo bogi la M kupezeka kumbuyo kwa mutu wa Eastern sichinali chodabwitsa. Komanso kalembo kaja ndi kakang'ono moti sitima ikuyenda palibe angakawerenge. Ine sindingasiye mutu womwe ndimaulota chifukwa cha chilembo chimodzi.

Madala a Njanji:
Limodzi kapena awiri inde amasochera, asanu onse ndi kawirikawiri ayi. Koma ndavomera kuti ndi chaching'ono poyerekeza ndi kusowa kwa la gadi. Icho ndiye chimaoneka ngakhale uli patali. Sitima ya anthu ya nthawi imeneyo siimanyamuka popanda bogi la gadi lokhala ndi buleki yake, ndiye a Chikondi musanagule mutu uliwonse pezani BSK imodzi, ndilo bogi la gadi, ofiira kapena akirimu zilibe kanthu, muyiike kumapeto.

Tadala:
Pepani kulowerera, ine langa ndi la magetsi osati mbiri. Ndapatsidwa mabogi akale a Märklin a HO, achitsulo, obiriwira a ku Germany, ndipo njanji yanga ndi ya DC ya mizere iwiri, mutu ndi wa Roco. Ndikangoika bogi limodzi panjanji chilichonse chimazima, ndikalichotsa mutu umayenda. Afa kapena?

Yona:
Sanafe achemwali, musawataye. Märklin HO imayenda ndi AC, magetsi amabwera pa timinga tapakati pa njanji ndipo zitsulo ziwiri zammbali ndi mbali imodzi ya magetsi, ndiye magudumu awo sanalekanitsidwe, lakumanzere ndi lakumanja ndi olumikizana kudzera pa ekiselo. Pa DC chitsulo china ndi pulasi china mainasi, mukaikapo gudumu lotere mwapanga shoti, nchifukwa chake zikuzima. Mankhwala ake ndi kusintha magudumu nkuika olekanitsidwa a DC a saizi yomweyo, ndipo poti mabogi anuwo ndi achitsulo muonetsetse kuti mbali yolekanitsidwayo yayang'ana kumodzi pa ma ekiselo onse apo ayi shoti idutsira mthupi la bogi. Ngati pansi pali kachitsulo kotsetsereka ka magetsi a mkati kachotseni kaye.

Madala a Njanji:
A Tadala, chilichonse mwachotsa, magudumu, kachitsulo, zokolera, muike m'kathumba n'kusunga m'bokosi la bogilo. Mabogi akale otere mtengo wake uli pa kukhala momwe anatulukira, ndiye chitani zokhazo zomwe mungabwezeretse. Osaboola, osamata guluu, osapaka. Pa zokolera njira yosaononga ndi kukhala ndi bogi limodzi wamba lomasulira, mbali ina chokolera chogwirizana ndi mutu, mbali ina chogwirizana ndi akalewo. Mitu ndi mabogi atsopano a ku Ulaya ali ndi kathumba ka NEM 362, chokolera mumangosolola n'kulowetsa china, koma akale alibe. Chinanso muyeze kutalika. Bogi lenileni la ku Germany la mamita 26.4 pa sikelo ya 1:87 limayenera kukhala 303mm, koma opanga ambiri akale amawafupikitsa dala kuti adutse makona othina a 360mm, ena pa 1:100 kutalika kwake. Okhaokha amaoneka bwino, koma mukawasakaniza ndi a 303mm mu sitima imodzi diso limaona msanga. Mutu wa Roco ndi wa nthawi iti?

Tadala:
Pabokosi palembedwa Ep. IV, kutanthauza nthawi yachinayi pa kagawidwe ka zaka za masitima, ndi wamagetsi wofiira ndi kirimu, nambala ikuyamba ndi 103.

Madala a Njanji:
Ameneyo ndi mutu wa ulemu, 103 inali ya sitima zothamanga za TEE (Trans Europ Express) ndi Intercity kuyambira cha m'ma 1970 ndi 1971, sitima ya Rheingold yomwe imakokedwa ndi iyeyu. Anzake apamtima ndi mabogi ofiira ndi kirimu a kalasi yoyamba. Obiriwira anuwo ngati ali aatali a sitima zothamanga olembedwa DB, kampani ya njanji ya ku Germany, angathe kuyenda naye, poti 103 imapatsidwanso sitima wamba zothamanga, koma ngati ali timabogi tatifupi ta magudumu anayi ta m'midzi, amenewo apezereni kamutu ka malasha kapena dizilo ya V 100.

Mphatso HO:
Nkhani ya makona yandikhudza nanenso, a Zephyr anga ndi aatali mafiti 85 enieni, pa HO akuyandikira masentimita 30, ndipo pa makona a mainchesi 18 amagwa pafupipafupi makamaka loyamba kumbuyo kwa mutu. Ndimaganiza kuti mutu ndi umene uli ndi vuto.

Yona:
Mutu ulibe mlandu, kona ndi yomwe yathina. Mabogi a mafiti 85 amafuna mainchesi 24 kupita mmwamba, pa 18 kumapeto kwa bogi kumatulukira kunja kwambiri ndiye chokolera cha mutu chimalikokera mmbali nkuligwetsa, makamaka ngati zokolera zamangidwa pathupi osati pa magudumu. Onaninso kuti zokolera za Kadee zonse zili pa msinkhu umodzi, pali kachida koyezera, komanso kulemera. Bungwe la ku America la NMRA limati pa HO bogi lilemere aunsi imodzi kuphatikiza theka la aunsi pa inchesi iliyonse, ndiye lanulo likhale pafupi ndi ma aunsi 7, cha mma magalamu 190 kapena 200. Lopepuka likakhala kutsogolo olemera kumbuyo limanyamuka pa kona. A Chikondi inu musade nkhawa, Mk1 pa OO ndi pafupifupi masentimita 26 ndipo radius 2 imawalandira.

Thoko:
China chomwe sitinatchule, amene muli pa DCC, njira ija ya dijito yoyendetsera mitu, samalani ndi mabogi akale okhala ndi mababu mkati. Pa DC babu imawala pokhapokha sitima ikuyenda ndipo nthawi zambiri magetsi amakhala ochepa, koma pa DCC njanji imakhala ndi magetsi odzaza nthawi zonse ngakhale sitima itaima, babu imatentha mpaka kufewetsa denga la pulasitiki. Ndinaonapo denga litapindika chonchi pa bogi losowa kwambiri ndipo zinandiwawa. Chotsani mababu kapena ikani ma LED musanaliike panjanji.

Chikondi OO:
Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri kuposa zomwe ndinafunsa. Ndaganiza motere, ndiyamba ndi BSK kenako Black Five yakuda ya chizindikiro chachiwiri, chaka changa chikhale 1958. Mallard ya buluu sindinayisiye a Thoko, idzabwera pambuyo pake ndi mabogi ake a teak, ndipo tsiku lomwe ndafuna ndidzayikoketsa ofiirawa ngati sitima ya alendo. Funso lomaliza, zokolera za mabogi angawa ndi zija zazikulu zotambalala, pamene pa zithunzi za Black Five zatsopano ndikuona zing'onozing'ono, zigwirana?

Yona:
Zonse ndi tension lock ndiye kugwirana zimagwirana, koma chachikulu ndi chaching'ono nthawi zina zimakolana molakwika pa kona kapena pobwerera mmbuyo. Tembenuzani bogi limodzi mujambule pansi pake mutumize muno tione ngati pali kathumba ka NEM kapena chokoleracho chinamangidwa ndi sikuluu. Mujambulenso magudumu chapafupi, ngati ali akale a milomo yayitali aja amagunda pa njanji yaifupi msinkhu ya code 75, ndiye mutiuzenso njanji yanu ngati ndi 100 kapena 75.

Chikondi OO:
Njanji ndi code 100. Zithunzi nditumiza madzulo ndikafika pomwe pali mabokosi.